Anzake Sanamuthawe

Iyayi, sanamuthawe. Lemba choncho kumene, msuweni wakoyo amve ku Balakako, asamangolira ndi zonena za anthu zoti bambo ake anasiyidwa okha m'tchire ngati galu. Bambo akewo ndinabereka ndine.

Malume akowo analowa usilikali nthawi ya chipani chimodzi, ija tinkayenda ndi khadi pamfundo ya chitenje. Nkhondo itavuta ku Mozambiki, anamutumiza kukalondera njanji, ija yodutsa pa Nayuchi. Atabwera kutchuthi anandipeza kudambo la Chiuta ndikulinda mpunga, chitini chili m'manja. Ine sindizungulira. Ndati iwe, wapha angati?

Anaseka. Akuti, "Amama, inuyo mwapha mpheta zingati lero?"

Ndati palibe, ine ndimangogogoda kuti zisatere.

Akuti, "Basi, ntchito yathu ndi imodzi."

Iyeyo ankanyamula chimfuti chachikulu, cha zipolopolo zolumikizana ngati mkanda. Akuti zigawenga zikawabisalira, iye amagona chafufumimba n'kumawombera kumene kukuchokera motoko, osaona ndi munthu yemwe. Kungothira basi, kuti ajawo abise mitu, asapeze mpata wolozetsa mfuti. Pamenepo anzake amakwawa, kukoka ovulala, mpaka pobisala. Akafika, iwo ndiye amayamba kuwombera, iye n'kudzuka kuthamanga. Kulandizana, ngati mtondo wa anthu awiri.

Ndati nanga mpheta zakozo sizibwezera? Anangotola chitini changa n'kumagogoda.

Ukulemba koma? Ndikuona chala chaima.

Mpunga wotsatira sanaudye. Linabwera bokosi pagalimoto, lokhomerera misomali. Ife Asilamu munthu timamusambitsa, timamukulunga m'sanda. Anatiuza kuti musatsegule, ndiponso musamanene kumene wafera. Masiku amenewo ukauzidwa choncho umangoti inde bwana. Ashehe anaswalira bokosi, amuna n'kunyamula. Nkhope yake sindinaione. Ndiye poti ife eni ake tinali duu, anthu anayamba kudzazamo zawo, mpaka zafika kwa mwana wake amene nthawi imeneyo anali kumsana.

Zoona zake anadzandiuza mnzake, Mlomwe wa ku Phalombe, atabwera yekha wapansi kuchokera ku Ntaja. Anakhala pakhonde, madzi osamwa. Akuti anawabisalira pamalo oyera, tchire litapsa, popanda ndi chulu chomwe. Mwana wanga anagona pamenepo n'kuyamba kuthira. Onse anafika m'ngalande ya njanji, ndi wothyoka mwendo yemwe. Ndiye anayamba kuwombera iwo, akumuitana kuti dzuka tsopano, nthawi yako. Chimfuti chinali chitasiya kulira, koma munthu osadzuka. Akuti vuto la chimfuti chimenecho, chikalira aliyense amadziwa pomwe chili, ndiye mfuti zonse zimatembenukira pamenepo.

Anabwerera atatu kukamutenga, zipolopolo zikadali kugwa. Mlomweyo ndi amene anamubereka kumsana. Anandionetsa phewa, akuti magazi anayenderera apa. Anali atapita kale mwananga, koma sanamusiye kuti adyedwe ndi afisi.

Mwina anadzuka n'kugwa, mwina sanadzuke n'komwe, zimenezo palibe anaona, usalembe zoti ndikudziwa. Koma amene akumuuza mwanayo kuti bambo ake anathawidwa, awafunse ngati analiko.

Usawonjezere zako. Tumiza pompano, akuti kuyambira dzulo sanadye.