Nsapato Zoyera pa Chikweza cha ku Mua

Kwathu n'kuchigwa, pafupi ndi Mua, kumene dzuwa siliona kuti uyu ndi mwana. Ukaima pakhomo pathu n'kuyang'ana kumadzulo unkaona phiri litatambalala, ndipo pamwamba pake panali dziko lina, lozizira, kumene tinkangomva kuti anthu amafunda mabulangete awiri. Njira yapansi yopita kumeneko inkadutsa m'nkhalango ya boma. Inali njira ya aliyense. Amayi osenza nsomba zouma ankadutsa momwemo, nkhalamba za ndodo momwemo, ngakhale ana ongoyamba kutumidwa. Ine ndekha ndi amene anthu ankandikayikira.

Chifukwa chake chinali mwendo. Ndili wamng'ono ndinadwala, mwendo wamanzere n'kutsala wowonda, moti poyenda ndinkatsimphina pang'ono. Ine sizinkandivuta. Madzi ndinkatunga, mbuzi zikalowa m'munda ndinkazithamangitsa. Nkhani inabuka nditamaliza Sitandade 3 pasukulu ya m'mudzi imene bambo anga ankaphunzitsa. Wofuna kupitiriza ankapita kusukulu ya atsikana yogonera konko, kumtunda kuja, ndipo atsikana a kuchigwa ankakwera phiri wapansi potsegulira n'kutsika wapansi potsekera. Sukulu imeneyo ndinkaifuna moti ndikaiganiza mtima unkachita kuwawa.

Amayi anga sankafuna n'kumva komwe. Ankati mwana wamkazi ali naye mmodzi yekha, kuzizira kukamupha, ndipo kalata akutha kale kuwerenga, chatsala n'chiyani? Bambo anali pakati. Iwowo anali munthu wokonda mayeso. Kukanakhala kotheka, ngakhale nkhuku zathu akanazilembetsa. Ndiye anagamula kuti Loweruka tikwere phiri tonse atatu, tikaone azakhali amene ankakhala kumtunda. Ndikakafika pamwamba ndi miyendo yanga, osaberekedwa, sukulu ndipita. Ndikalephera, nkhani yathera pomwepo. Amayi anavomera msangamsanga, ndipo ngakhale ndinali mwana ndinadziwa kuti avomera chifukwa akuyembekeza kuti ndilephera.

Lachisanu bambo anachokera ku Mtakataka ndi kaphukusi kukhwapa. Munali nsapato za nsalu, zoyera mbee, zoyamba m'moyo wanga. Iwo anali ataona ansembe akukwera phiri limeneli atavala nsapato, n'kutsimikiza kuti umo ndi mmene amayendera anthu ophunzira. Amayi anawakumbutsa zimene aliyense kwathu ankadziwa, kuti paulendo nsapato zimayenda pamutu. Umazivala ukaona madenga a kumene ukupita, utatsuka mapazi pamtsinje womaliza. Bambo anati zimenezo n'zachikale. Ine ndinali mbali ya bambo ndi mtima wonse. Zinthu zokongola chonchija, ndizisenze kuti aziziona akhwangwala?

Tinanyamuka kutangocha. Bambo patsogolo, jekete, chipewa ndi nsapato zachikopa zopita nazo kutchalitchi. Ine pakati. Amayi pambuyo, opanda nsapato, dengu pamutu, m'menemo muli utaka wouma wa azakhali, mbatata yootcha ndi chipanda cha thobwa. Tinadutsa pamishoni, tinamva mathithi akusokosera kumunsi, kenako tinalowa m'nsungwi. Munali mthunzi wozizira bwino, nsungwi zikukhulana pamwamba pathu. Ine zonsezo ndinkaziona mwa apo ndi apo, chifukwa nthawi zambiri ndinkacheuka kuti ndione mizere imene nsapato zanga zinkasiya m'fumbi. Amayi anati ndikapitiriza choncho ndifika kumtunda khosi litayang'ana ku Golomoti.

Unali mwezi umene mitengo ya mombo imaphuka masamba ofiira, phiri lonse lili psuu. Bambo sakanatha kudutsa mtengo osauphunzitsa. Uwu ndi msuku, uwu ndi mlombwa, icho ndi chitedze usayandikire. Anyani anatiperekeza kamtunda ndithu, akudumpha pamiyala, maso ali padengu la amayi. Wamkulu wawo anakhala pathanthwe n'kumatiyang'ana monyoza, amayi n'kunena kuti waona mphunzitsi mnzake. Bambo ananamizira kuti sanamve.

Chikweza chitayamba, chitendene chakumanzere chinayamba kutentha. Kenako chakumanja. M'nsapato munalowa mchenga, thukuta n'kuusandutsa phala. Mapazi anga, amene ankadziwa okha kugwira mwala ndi zala, anali atatsekeredwa, ndipo ndinkangoterereka. Koma pakamwa ndinatseka. M'mutu mwanga mayeso ndi nsapato zinali chinthu chimodzi: kuvula kunali kuvomera kuti ndalephera. Walira mvula walira matope, ndinadziuza choncho, n'kumapondabe.

Pakamtsinje kena ka miyala ya ndere, bambo anaima kutionetsa mmene munthu amawolokera mwanzeru. Mwala woyamba anauponda bwino. Wachiwiri unawakana. Tinangoona miyendo m'mwamba, iwo khu, m'madzi, chipewa chikuyandama kupita kunyanja. Amayi anaseka mpaka anagwirira dengu ndi manja awiri, misozi ili chuchuchu. Ine ndinkafuna kuseka koma ndinkaopa woyesa mayeso.

Tili pomwepo anatulukira mlonda wa nkhalango, bambo wachikulire wovala kakhi. Chipewa chija anali atachivuula ndi ndodo yake. Chimene ndinaona poyamba n'chakuti majombo ake a boma anali atawamangirira pamodzi n'kuwakoleka m'khosi, iye akuyenda chapansi ngati wina aliyense. Anatipatsa moni mwaulemu, osaseka ngakhale pang'ono, ngakhale kuti bambo ankadontha madzi. Atamva kumene tikupita, anatiuza kuti patsogolo njira yagawikana. Yakumanja ndi ya alenje, yaifupi koma yokwera chokwawa. Yakumanzere ndi imene amadzera amayi a ana, yokhotakhota, yokhala ndi mithunzi ndi madzi akumwa. Kenako anayang'ana mapazi anga.

"Aphunzitsi," anatero, "mwanayu walakwanji kuti mumulange chonchi?"

Bambo anayankha kuti mwanayu akupita kusukulu yapamwamba, ayenera kuzolowera. Mlonda uja anangoti chabwino, n'kupitiriza ulendo wake, majombo akugundana pachifuwa.

Tinatenga yakumanzere. Inalidi njira yokoma, yoti pena unkayenda chammbali mwa phiri mphepo ikukupepesa. Koma ine ndinali nditafika pothera. Ndikaponda, ululu unkafika mpaka m'mano. Mwendo wanga wowonda uja unayamba kunjenjemera, chinthu chimene unali usanachitepo. Nditayang'ana pansi ndinaona kuti kumbuyo kwa nsapato zoyera zija kwafiira. Mantha anandigwira, osati a magazi, koma oti sukulu ija ikundipulumuka ndikuona.

Amayi anali pambuyo panga, ndiye anaona kale. Ndinamva akusiya nyimbo imene ankaing'ung'udza. Tinayenda choncho kamtunda, iwo ali chete, ine ndikukoka mwendo. Sanafunikire kuchita kanthu. Akanangopitiriza kukhala chete, pakhota lachiwiri kapena lachitatu ndikanakhala pansi ndekha, bambo akanandibereka, ndipo mlandu ukanatha mokomera iwo.

Pathanthwe lina lalikulu ndinamva dengu likutulidwa. Anandigwira paphewa n'kundikhazika pansi. Ndinayamba kulira, ndikuti sindinatope, asandivule. Iwo anamasula zingwe, n'kuchotsa nsapato pang'onopang'ono, chifukwa nsalu inali itamatirira pamatuza ophulika. Bambo anabwerera n'kuona zitendene zanga.

"Bambo a mwana," anatero amayi, "amene mukumuyesa ndi mwanayu kapena nsapato zanuzi?"

Ananditsuka ndi madzi a kamtsinje, anang'amba duku lawo pakati, theka limodzi n'kumangira zitendene zonse ziwiri, zala n'kuzisiya pamtunda kuti zizigwira nthaka. Ananditolera nsungwi youma yoti ndiziyendera. Anandipatsa mbatata ndi thobwa, n'kundiuza kuti ndisathamange, ndiziponda pamene aponda iwo. Nsapato zija anaziika pamwamba pa utaka.

Bambo anakhala kanthawi akuyang'ana kumbali. Kenako anawerama n'kumasula nsapato zawo. Chikopa chonyowa chija chinali chitawaluma kuyambira pamtsinje paja, iwonso akubisa ngati ine. Tsoka lake, mapazi a aphunzitsi anali ataiwala nthaka. Kamwala kalikonse kankawadumphitsa, akuyenda ngati aponda makala, nsapato m'manja, jekete paphewa. Amayi anawafunsa ngati nawonso akufuna duku, poti latsala theka. Apo ndinaseka, bambonso anaseka, ndipo kuyambira pamenepo ulendo unakoma.

Sindinama, zilonda zinkawawabe. Koma phazi likamva nthaka limadziwa chochita. Ndinkaponda pamene aponda amayi, muzu, mwala, muzu, ndodo patsogolo. Mitengo inayamba kufupika, udzu kutalika, mphepo kusintha fungo. Tinakumana ndi amayi atatu akutsika ndi madengu a mbatata ya kachewere, ndipo atamva nkhani yanga anandiuza kuti patsala pang'ono, ndilimbe. Linali bodza la apaulendo, panali patatsala chikweza china chathunthu, koma linandithandiza. Pachikweza chomalizacho woyesa mayeso anatsalira kumbuyo, akutipempha kuti timudikire.

Ndinafika pamwamba dzuwa litapendeka pang'ono, ndi miyendo yanga. Mphepo yakeyo inandilowa mpaka m'mafupa. Nditatembenuka ndinaona dziko lathu lonse lili pansi: nyanja ili mbuu kutali, milambe ngati tizitsa, denga la tchalitchi, ndi utsi wa sitima ukukwawa kulowera ku Golomoti. Sindinkadziwa kuti kwathu n'kokongola chonchi. Bambo anafika akupuma mwa befu, anakhala pamwala, n'kulengeza ndi mawu a m'kalasi kuti mwana wakhoza, sukulu ikatsegulidwa apita. Ndinaiwala zilonda, ndinavina pomwepo ndi ndodo yanga.

Nditatembenuka kuti ndikondwere ndi amayi, ndinawapeza ataima payekha, akuyang'ana kuchigwa, akufunafuna pamene pali nyumba yathu. Mutu unali pamtunda wopanda duku, mphepo ikuwazizira, ndipo ankapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Chimwemwe changa chinachita manyazi. Ndinapita n'kuima pambali pawo, ndipo ndinawafunsa chifukwa chimene anandivulira nsapato, poti iwo sankafuna kuti ndipite.

"Mpaka pano sindikufuna," anatero. "Ndinayesa kukhala chete, mwana wanga. Ndakhala chete makhota awiri, lachitatu ndalephera."

Anandikokera pafupi n'kundifunditsa mbali ina ya nsalu yawo, ndipo tinaima choncho kanthawi, bambo akutidikira.