Maliro Amene Tinakhuza Mochedwa ku South B

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinadzipatsa ndekha udindo wa katswiri wa bomba la atomiki mu South B yense. Palibe anandisankha, palibenso analimbirana nane. Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo tinkakhala m'dera limeneli la mzinda wa Nairobi chifukwa bambo anali kalaliki pa bungwe lina la mayiko osiyanasiyana lokumba zitsime. M'kalasi sindinali wowala ayi. Masamu ankandipirikitsa ngati galu wolusa. Koma chilichonse cholembedwa chimene aphunzitsi sanandiuze kuti ndiwerenge, ndinkachiwerenga mpaka kuperepeseka.

Bambo ankabweretsa magazini akale a ku ofesi kuti mayi aziyala m'mashelefu, ine n'kumawaba asanayalidwe. M'menemo ndinapezamo chithunzi cha chiutsi chitaima ngati bowa pamwamba pa mzinda wa Hiroshima. Ndinachidula bwinobwino n'kuchimata pakhoma la kuchipinda. Ndinaloweza zonse: kuti ndege imodzi inaponya bomba limodzi m'mawa wina wa mu Ogasiti 1945, kuti patatha masiku atatu lina linagwa ku Nagasaki, kuti kutentha kwake kunatuwitsa ndi miyala yomwe. Anzanga ndinkawasonkhanitsa pa duka, kagolosale ka pakona, n'kuwafotokozera, ndipo ndinkamaliza ndi "Buuu!" mikono ili m'mwamba. Anandipatsa dzina loti Bomu, monga amalitchulira bomba pa Chiswahili, ine n'kumavomera mokondwa.

Loweruka lina masana bambo anabwera ndi mlendo, a Hayashi, injiniya wa ku Japan amene ankakumba nawo zitsime kuseri kwa mapiri a Ngong. Anali munthu wowonda, wopsa ndi dzuwa, wolankhula motsitsa. Anavula nsapato pakhomo, ndipo mayi anawakonda pomwepo. Bambo anali atatha sabata yonse akutichenjeza, chifukwa aka kanali koyamba kuti munthu wamkulu wa kuntchito aponde m'nyumba mwathu.

Atatha kudya nkhuku ndi mpunga, bambo anachita zimene abambo akwathu amachita mlendo akakhuta: kuonetsa mwana.

"Limbani, tabwera. Uyu ndiye wowerenga wathu. Tawauza alendo zimene umadziwa za dziko lawo."

Iwo ankaganiza kuti ndikamba za magalimoto ndi mawailesi. Ine ndinathamangira kuchipinda, n'kumatula chithunzi changa, n'kuima pakati pa balaza. Ndinayala Chingelezi changa chonse cha m'magazini, osapuma, osayang'ana nkhope ya munthu. Pomaliza ndinakweza mikono. "Buuu!"

Ndinangomva kondakitala wa minibasi akuitanira anthu kumsewu.

A Hayashi anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anaika chala pansi pa utsiwo, pamene pepala linali lakuda, nati m'Chingelezi, "Kwathu kunali apa." Anaimirira, anathokoza chifukwa cha chakudya, n'kulunjika pamene panali nsapato zawo. Bambo anawatsatira akupepesa, thukuta lili kamukamu, ndipo diso limene anandiponyera linandiuza kuti mlendo akangotuluka, lamba alowa.

Mayi sankamva Chingelezi. Chiswahili chawonso chinali chongogulira ndiwo. Koma nkhope ankaziwerenga kuposa mmene ine ndinkawerengera magazini.

"Ati chiyani alendowa?"

"Akuti kwawo kunali pamene panagwa bombapo," ndinayankha.

"Afunse, munali ndani m'nyumbamo?"

"Mayi a Limbani, musakolezere moto," anatero bambo monong'ona. "Anthu awa salira pamaso pa anzawo. Asiyeni apite."

"Kulira n'kwawo. Ine ndikufunsa. Iwe Limbani, pakamwa pomwe walakwira pomwepo, funsa."

Kunena zoona, ndinaganiza zonama. Ndikanatha kunena kuti mayi akuti mudzabwerenso, ndipo palibe akanadziwa kupatula bambo, amene akanandithokoza. Koma mayi anali atandiyang'anitsitsa, choncho ndinafunsa monga momwe ananenera.

A Hayashi anaima nsapato imodzi ili m'manja. Anati iwo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ana a sukulu a msinkhu wawo anali atawasamutsira kumudzi pothawa nkhondo. M'nyumba munatsala mayi awo ndi mlongo wawo wamng'ono. Atabwerera mumzinda, sanapeze nyumba, sanapeze mitembo. Anangozindikira malowo ndi mwala wa pakhomo.

Ndinamasulira. Mayi anagwira pakamwa.

"Ndiye kuti manda palibe? Nanga anabwera ndani kudzawapepesa?"

Ndinafunsanso. A Hayashi anamwetulira pang'ono, kumwetulira kopanda chimwemwe. "Palibe. Aliyense anali ndi maliro ake, ndipo ambiri oti akanabwera anali atafa kapena akudwala mabala."

Pamenepo mayi anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anamanganso chitenje chawo, anakankhira tebulo kukhoma, n'kukhala pansi pa simenti miyendo atatambasula, monga amakhalira azimayi pa siwa.

"Uwauze kuti maliro n'kulirana. Kwathu munthu wofedwa satuluka pakhomo osamupepesa, kaya papita zaka zingati. Tachedwa, koma tafika. Akhale pansi."

Mawu amenewo sanali m'magazini alionse. Ndinawasaka limodzilimodzi, ena ndinawapotoza, koma anafika. A Hayashi anayang'ana mayi, anayang'ana chitseko, kenako anaika nsapato ija pansi. Sanakhale pampando. Anapinda mawondo n'kukhala pa simenti moyang'anana ndi mayi. Bambo anazengereza pang'ono, nawonso n'kutsika, buluku lawo losita likuwakoka m'mawondo.

Mayi anandituma kukaitana mayi a Chikondi, Mmalawi mnzathu wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Anabwera manja ali ndi thovu la sopo, osafunsa zambiri. Atamva kuti ndi zovuta, anangokhala pansi. Azimayi awiriwo anaimba nyimbo imodzi ya maliro motsitsa kwambiri. Kenako mayi anagwira dzanja la mlendo ndi manja awiri.

"Pepani, bambo. Pepani kwambiri. Mayina awo anali ndani?"

"Mayi anga anali Fumi. Mlongo wanga Emiko. Anali ndi zaka zinayi. Ankaopa achule."

Ndinamasulira za achulezo, ndipo mayi a Chikondi anaseka misozi ili m'maso, nati, "Ngati Chikondi wanga!" A Hayashi nawo anaseka, kenako anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

Itakwana nthawi yanga yopepesa, ndinagwada, koma Chingelezi chonse chinandithawa. Katswiri wa South B yense anangoti, "Pepani." A Hayashi anatola chithunzi chija, anatulutsa cholembera m'thumba la malaya, nalemba mayina awiriwo pansi pa utsi, m'zilembo zawo ndi m'zilembo zathu. Anandibwezera nati, "Uzipitiriza kuwerenga. Koma uziwerenganso apa."

Anachoka dzuwa litapendeka, atamwa tiyi makapu awiri, ndipo anabweranso masiku ambiri a Loweruka kufikira ntchito yawo itatha. Lamba sanalowe tsiku limenelo. Bambo anangoti, "Mayi ako aja, ofesi yonse ilibe munthu wotero." Ku duka nkhani ya bomba ndinaifotokozabe, koma mikono inali pansi, ndipo omvera anachepa.

Lero ndakalamba ndikuwerengabe zilizonse, mpaka mapepala okulungira mankhwala. Ndawerenga zambiri za mizinda iwiri ija, za anthu amene anapsa, ndi ena amene anadwala zaka zambiri pambuyo pake. Koma chimene ndinaphunzira masana aja sichinachokere m'buku: chithunzi changa chinajambulidwa kuchokera m'mwamba, ndipo amene ali m'mwamba saona mwana woopa achule. Ndimanyadira kuti tsiku limenelo sindiname pomasulira. Koposa apo ndimanyadira mayi, amene sankadziwa kuti Hiroshima ali mbali iti ya dziko, koma anafunsa funso limene ine wowerenga sindinaliganizepo. Pepala lija ndikadali nalo. Utsi wake unafufuma, koma mayina awiri aja akuwerengekabe.