Mkaka Woundana wa ku Chezi

"Amayi, kodi kunsi kwa ziro kuli chiyani?"

Talandira anafunsa zimenezi ali Sitandade 3. Mayi ake, a Faines, anangopitiriza kuunjika tomato. Mayeso a Fomu 4 anali atawakana, bambo a mwanayo anali atachoka, ndipo iwo ankangogulitsa tomato pamsewu pa Chezi.

Funsolo linawasowetsa mtendere mpaka anakalembetsa sukulu yamadzulo. Mphunzitsi wina anawabwereka laputopu yothyoka chivundikiro, ndipo pang'onopang'ono anaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta.

Chaka china mu Juni, thanki yoziziritsira mkaka ya gulu la alimi inayamba kuundanitsa mkaka ngati mwala. Ogula ankaukana. Oyandikana nawo nyumba, a Elifala, omwe anali ndi ng'ombe imodzi yokha, anafika atagwira tsaya.

"Make Talandira, ndingoigulitsa basi. Ndizikamira agalu?"

"Dikirani kaye, achimwene. Ndione."

Thankiyo inkayendetsedwa ndi kakompyuta. A Faines anatsegula dalaivala, pulogalamu imene imathandiza kompyuta kumva zimene choyezera kuzizira chikunena. Anaiwerenga mzere ndi mzere. Wolembayo sanali wosasamala ayi, kungoti anasankha mtundu wa nambala wosatsika kunsi kwa ziro. Kuzizira kukadutsa ziro ndi digiri imodzi, kompyuta inkawerenga 255. Poganiza kuti mkaka ukuwira, inkawonjezera kuziziritsa.

Anasintha mtundu wa nambalayo n'kutumiza kwa osamalira pulogalamuyo. Anawabwezera: panali malo ena pamene nambala yomweyo inkayerekezeredwa ndi inzake, ndipo iwo sanapaone. A Faines analira, n'kukonzanso. Anawabwezeranso. Ulendo wotsatira yankho linali lalifupi: talandira, zikomo.

Ataika pulogalamu yokonzedwayo m'kakompyuta kaja, mkaka unasiya kuundana. Lero a Faines amalembedwa ntchito yokonza madalaivala ali kwawo konko.

Inu amene mayeso anakukanani, musadziweruze msanga. Kubwezeredwa si kuthamangitsidwa. Osataya mtima, konzaninso.

M'mawa umene galimoto ya ogula inanyamula mkaka wonse, a Elifala anaima pampanda, chipewa chili m'manja.

"Ng'ombe ija ili ndi bere. Likakhala thole, ndi la Talandira."

"Ndiye mundiphunzitse kukama, ine ndimaopa kuponderedwa."

"Inu woopa ng'ombe, koma osaopa kompyuta!"

A Faines anaseka. "Chabwino. Inu kukama, ine thanki. Juni aliyense ndizikaiona ndisanapite kwina kulikonse, bola ndili moyo."

Anagwirana chanza pamwamba pa mpandawo.