Mzere wovina wa achimwene

Achimwene, lero mwana wanga wandionetsa mizere yovina ndi nyimbo pafoni, ine n'kuimenyetsa pansi foniyo. Mpaka pano akulira. Paja inu munamasula TV yakufa imene eni ake anatipatsa ija, n'kulumikiza mawaya ake ku wailesi kuti mzere wowala pagalasi lake uzidumpha ndi ng'oma, ngati pa pulogalamu yakale ya ku Zambia tinkaonera pawindo la eni ake ija. Munati, "Gwira apa iwe, usanjenjemere." Mzere unavinadi.

M'mawa mwake tikupita nayo panjinga ku boda kukaonetsa madalaivala, wina anakuwa kuti wakuba. Anthu anakuphwanyani mutu ndi njerwa ine ndili pomwepo, mantha atanditseka pakamwa, osanena n'komwe kuti TV ndi yathu. Mwanayu ndinamutcha dzina lanu, ndipo zamawaya akuzikondanso. Ndimuletse kapena ndimusiye, achimwene?