Makina a Phazi a Bambo Onesimo

Bambo Onesimo anafika ku Ndirande mu 2003 kuchokera ku Nsanje atasenza makina osokera a phazi, akazi awo a Petronela atasenza zina zonse. Zaka khumi anasoka pakhonde la golosale ndipo ana ankadya. Kenako anapeza oda ya mayunifolomu a sukulu ina yapulaiveti, nzeru n'kuwachulukira.

Anakongola kubanki n'kugula makina asanu a magetsi. Nsalu anatenga pangongole ku Limbe. Pachitseko anakhoma chikwangwani cholembedwa kuti Dayirekitala. Mu 2017 sukulu ija inatsekedwa isanalipire, mwiniwake n'kulowera ku Joni. M'shopu munatsala mayunifolomu mazana atatu a mtundu wa papaya wakupsa.

Mwini nsalu anapita kukhoti kukapempha kuti a Onesimo alengezedwe kuti ndi bankirapu. Bankirapu si kusowa ya minibasi ayi. Ndi pamene khoti lanena kuti munthu ngongole zamukulira, katundu wake apite m'manja mwa munthu wotchedwa risiva, amugulitse, agawire amene anamukongoza.

Samani itafika, a Onesimo anakafunsa katswiri wa malamulo: mlamu wawo Blackson, wogulitsa mafoni akale ku Bangwe.

"Alamu, anthu amenewo amatenga mpaka supuni," anatero Blackson. "Chimene mumachikonda bweretsani kwanga."

Lamlungu, anthu ali ku Misa, makina a phazi anakwera wilibala atafunda chitenje, kenako minibasi. Kuti zioneke zenizeni, a Onesimo analemba kalata yoti makinawo anagulitsa kwa Blackson chaka chatha. Anasayina, n'kufunanso mboni ziwiri.

"Bambo a Regina, achimwene angawa ndimawadziwa ndine," anatero a Petronela. "Njinga ya bambo athu anagulitsa maliro asanathe."

"Mayi, izi n'zamalamulo. Si zakukhitchini."

Khoti litagamula, risiva anabwera. Anali mayi wamagalasi, wolankhula motsitsa. Analoza makina asanu aja.

"Awa munaika chikole kubanki. Wachikole ndiye amayamba kutenga. Sofa, TV ndi filiji tigulitsa, a nsalu ndi ena opanda chikole agawane zomwe zipezeke. Zovala ndi zogonera sitikhudza." Anayang'ana uku ndi uku. "Nanga chida chanu chili kuti?"

"Chida chanji, mayi?"

"Chogwirira ntchito. Telala lamulo limamusiyira makina oti azidyerapo. Sitifuna kuti mufe ndi njala, bambo. Wakufa sabweza ngongole. Mulibe akale alionse?"

A Onesimo anakhala pa sofa yomwe sinalinso yawo.

"Ndinagulitsa. Chaka chatha."

"Pepani. Bola simunabise, chifukwa kubisa katundu ndi mlandu, ndiponso khoti limachedwa kukumasulani ku ngongolezi. Simunabise kanthu, eti?"

"Ayi, mayi."

A Petronela anatsokomola kukhitchini kwawo kuja.

M'mawa mwake a Onesimo anali ku Bangwe. Anapeza Blackson akudya tchipisi, kuphazi kuli nsapato zatsopano.

"Ndabwera kudzatenga makina anga."

"Ati, alamu?" Blackson anapukuta zala n'kutulutsa kalata m'thumba. "Apa palembedwa kuti ndi anga. Dzanja ndi lanu, mboni ndi zanu. Ine ndagulitsa zanga, Lachitatu, kwa munthu wa ku Mulanje."

"Iwe Blackson, ndikusumira!"

"Tiyeni. Mukawauze kuti kalatayi ndi yabodza, munkabisa katundu. Ya minibasi ndilipira ine."

Sanapite. Chinthu chimodzi chomwe lamulo likanawasiyira anachipereka okha, pa wilibala, ndi mboni ziwiri.

Lero a Onesimo ali pakhonde la golosale lomwe lija. Amasokera makina a Mayi Safiya, eni golosaleyo, ndipo amalipira lendi tsiku lililonse asanadye. Mayunifolomu aja palibe anawagula, moti amavala ndi adzukulu awo onse; anthu amawadziwira patali, ndi apapaya. Chikwangwani cha Dayirekitala nachonso risiva anachisiya. Ndicho a Petronela amakupizira mbaula.