Mlamba wopinda chamanzere

Chaka chimene abambo a mwana wanga anatumizidwa ku Congo pamodzi ndi asilikali anzawo, ine ndinatsala kwathu m'mbali mwa dambo, mwana asanayambe kuyenda. Foni yanga inali ya mabatani, yoti ikagwera m'madzi umangoiyanika padzuwa n'kupitiriza moyo. Iwo kumeneko ankatumiza mawu ojambula, ndipo mawu oterowo amafuna foni yaikulu. Pabanja lonse foni yaikulu anali nayo ndi alamu anga, achemwali awo aakulu, amene amakhala pa boma ku Chikwawa. Ndiye kuti ndimve mawu a mwamuna wanga yemwe, ndinkabereka mwana, kukwera kabaza, kuwoloka mlatho wa Shire, n'kukakhala pakhonde la eni ake ngati wodzapala moto.

Alamu angawo sanandifunepo kuyambira tsiku la chinkhoswe. Milandu yanga inali iwiri: sukulu ndinalekeza Sitandade 6, komanso ndine wamanzere. Wachiwiriwu ndiye unkawanyansa kwambiri. Ndikawapatsa kapu ya madzi, ankayang'ana dzanja langa kaye, madzi pambuyo. Anali ndi mnzawo wina wogwira ntchito mu ofesi, wa zikhadabo zazitali zopaka zofiira, ndipo sankabisa kuti mchimwene wawo akanayenera ameneyo.

Ndikafika, ankandisankhira oti ndimve. Ndikati, “Alamu, ndiyankhuleko nanenso,” yankho linali limodzi.

“Bandulo yatha. Ndimuuza ndine.”

Zimene ankamuuzazo ndinadzazimva tsiku lina dzuwa lili pamutu, fumbi la njira lidakali m'miyendo. Kaya anatsegula mwangozi kaya mwadala, sindidziwa. Mawu a abambo a mwana anatuluka otsika, otopa: “Achemwali, mwati amake mwana safika n'komwe kudzafunsa za ine? Chabwino. Ndidzaona ndikabwera.”

Mkazi aliyense wokwatiwa amadziwa kumene mawu amenewo amathera. Amathera pa ankhoswe, mkeka uli pakati, wina akunyamula mapoto ake. Alamu anangoti “Aa, si amenewa,” n'kuyamba kufufuza ena. Ndinayamwitsa mwana, ndinatsanzika bwinobwino, ndinabwerera. Kukangana ndi mwini foni kunali kudzitsekera ndekha khomo limodzi lomwe ndinali nalo.

Patapita mwezi, msilikali wa ku Nsanje, mnzawo wa abambo a mwana, anabwera kumaliro a mayi ake, ndipo anati pobwerera atha kunyamula katoni imodzi. Abambo a mwana anaitanitsa chinthu chimodzi chokha: mlamba wowamba wa kudambo. Apo m'pamene alamu anakumbukira kuti kafoni kanga ka mabatani kamalira.

“Kukufunika nsomba,” anatero, moni osapereka. “Zaukhondo, osati zonunkha zanu zija. Zikwera ndege zimenezi.”

M'mawa mwake ndinalawirira kudooko, mabwato asanatsitse. Ndinasiya milamba ikuluikulu imene ogula a m'tauni amailimbirana, chifukwa mlamba wonona suyenda ulendo, mafuta ake amasasa. Ndinasankha yapakati, yolimba mnofu. Ndinaitumbula, kuitsuka, kuithira mchere, n'kuthiranso kachiwiri. Mayi anga atandiona anati, “Iwe, ukufuna kupha mkamwini wanga?” Ndinati ayi, ndikuwadziwa alamu anga. Nsomba yowamba imafuna kupuma, umaikulunga m'pepala kapena m'dengu la mlaza. Koma munthu woopa fungo amathamangira jumbo, ndipo m'jumbo nsomba imatuluka thukuta n'kuchita nkhungu. Chimene chikanaipulumutsa ndi mchere ndi moto basi.

Mlamba usanauike pamoto umaupinda ngati nkhata, mchira n'kuubaya ndi kamtengo pafupi ndi mutu. Anthu onse amapindira mbali imodzi. Ine dzanja langa limapindira mbali inayo, ndipo ndinayesapo kulikakamiza ndili mtsikana, linakana. Ogula a pamsika amadziwa, chifukwa akamasanja mulu, yanga sigona bwino pamwamba pa ya anzanga, imatuluka pamzere. Abambo a mwana tisanakwatirane ankandiseka nazo pamsika pomwepo, n'kumagula yomweyo.

Ndinaiwamba masiku atatu pa nkhuni za tsanya, moto wotsika, mpaka ukaigogoda inkalira ngati thabwa. Maso anafiira ndi utsi, mwana naye ankanunkha utsi. Ndinailongedza m'dengu langa la mlaza, n'kuikamonso masau ouma pang'ono m'kansalu.

Nditafika pa boma ndinapeza katoni ili kale patebulo, mnzawo wa zikhadabo uja ali pambali. Munali mabisiketi, mankhwala otsukira mano, sopo wonunkhira mitundu itatu, ndi kadi ya maluwa yolemba Chingerezi. Kaya ankaganiza kuti ku Congo anthu amasamba ndi dothi. Alamu ananyamula dengu langa ndi zala ziwiri, mphuno ili kumbali.

“Mayo ine, fungo! Bweretsani majumbo.”

Anakulunga m'majumbo atatu, kumanga mfundo pamwamba pa mfundo. Masau anawaika pambali, ati ndi zakudya za mbuzi. Kenaka mnzawoyo anatenga cholembera chachikulu n'kulemba pakatoni. Sitandade 6 ndi yochepa, koma dzina ndimawerenga. Panali la alamu, panali lake. Langa panalibe.

“Langa mwaiwala, alamu,” ndinatero.

“Malo atha. Ndiponso kumeneko amafuna maina a anthu odziwika, poopa zachitetezo.”

Malo otsala pakatonipo mbuzi ikanagonapo. Ndinatola masau anga, ndinabereka mwana. Panjira wakabaza anandifunsa chimene ndinkaseka ndekha, ndinati palibe.

Kunena zoona, kusekako kunathera panjira pomwepo. Masabata amene anatsatira ndinkalima kudimba mtima uli m'mwamba. Bwanji ngati nsomba zaola? Bwanji ngati azitaya pabwalo la ndege? Bwanji ngati munthu wanjala wangothyola n'kuponya mumphika osayang'ana? Banja langa lonse linali litatsamira pa mmene mchira wa mlamba wapindikira, ndipo ndikaganiza choncho ndinkadziona wopusa kuposa alamu.

Sabata yachisanu kafoni kanalira. “Kwabwera mawu othokoza,” anatero alamu. “Ubwere udzamve mmene anthu oyamika amayankhulira.”

Ndinapeza khonde ladzaza. Anaitana amayi oyandikana nawo, anatulutsa mipando ya m'nyumba, mnzawo uja atavala ngati akupita ku ukwati. Ine anandilozera mkeka. Alamu anali atangomva chiyambi chokha, n'kusunga zotsalazo kuti adzamvere pagulu. Anakweza foni m'mwamba ngati m'busa wanyamula buku.

Abambo a mwana anayamba ngati akuwerenga kalata pamsonkhano. Anathokoza achemwali awo chifukwa cha chikondi. Anathokoza mabisiketi. Anathokoza “mayi aja a kadi”, ati kadiyo anzawo aikonda, aipachika pamene amapachika makapu. Zikhadabo zofiira zinakwera kukagwira pachifuwa. Alamu ankagwedeza mutu mawu alionse, diso lili pa ine.

Kenaka kumbuyo kunamveka wa ku Nsanje uja, m'kamwa muli chakudya, akufuula m'Chisena kuti nsombazo ndi “pyadidi kakamwe”, zabwino zedi, ndipo amuna ena anaseka. Abambo a mwana anatsokomola.

“Koma achemwali, pali chimodzi chandizunguza. Pakatoni mwalemba kuti zonse ndi inu. Nanga mwayamba liti kupinda mlamba chamanzere? Inu amene ngakhale kutumbula usipa mumaitana munthu?”

Chala cha alamu chinagwa pafoni ngati chikupha udzudzu.

“Netiweki,” anatero.

Mawu oti afika kale safuna netiweki, zimenezo ngakhale ife a mabatani timadziwa. Mayi wina wachikulire woyandikana nawo, amene anasiya nyemba pamoto kuti adzamve, anati, “Iyayi, tsegulani. Mwatiitana nokha, timve mpaka pothera.”

Alamu anatsegula, nkhope itayang'ana kumsewu.

“Amake mwana, ndikudziwa mumva. Nsomba zanu ndaziona, ndadya. Koma mchere munachulutsa. Achemwali, muwapatse foniyo andiyankhe okha, ndatopa kumva za iwo m'kamwa mwa anthu.”

Basi, zikomo wanga anali ameneyo. Alamu analandira mawu aatali ngati ulaliki chifukwa cha mabisiketi a m'golosale. Wa kadi anatchulidwa “mayi”. Ine wa masiku atatu mu utsi ndinalandira mlandu wa mchere. Amuna ndi anthu odabwitsa: mfuti amaidziwa zomangira zake zonse, koma chimene chasunga nsomba m'majumbo atatu mpaka ku Congo sachidziwa.

Komabe ndinaimirira pamkeka paja, ndinatambasula dzanja, lamanzere lomwelo. Alamu anandipatsa foni ngati akupereka chiwalo chawo. Podina sindinkapadziwa, ndipo amene anandilozera ndi chikhadabo chofiira chija.

“Abambo ake, ndine,” ndinatero. “Pakhonde pano ndakhala ndikubwera mwezi ndi mwezi, mufunse akabaza. Mwana wamera mano anayi, akuima chogwirira. Za mcherezo, ndi umene wazifikitsa. Ngati wakuwawani, m'katonimo muli sopo mitundu itatu, musankhepo wotsukira.”

Mayi wa nyemba uja anaseka mpaka kugwira chipilala. Mwana naye anakuwa pafoni zake zosamveka, ndipo ndinazisiya kuti zipite. Bandulo tsiku limenelo sinathe.

Ndinabweza foni ndi manja awiri, mwaulemu, n'kufunsa ngati dengu langa la mlaza lidakalipo. Linali kuseri, atasungiramo makala. Ndinakhuthula, ndinalitenga.

Abambo a mwana anabwera mvula itayamba. Minibasi yochokera ku Blantyre ikatsika phiri, wopita pa boma amawoloka mlatho, wobwera kwathu amatsikira pa Thabwa. Iwo anatsikira pa Thabwa. Kwa achemwali awo anapita patatha masiku anayi, ine ndi mwana tili nawo, ndipo alamu ananditulutsira mpando. Za “ndidzaona ndikabwera” sanazitchulenso, inenso sindinawakumbutse. Za mchere zokha ndiye sanasiye, mpaka lero akamadya mlamba amayamba ndi kuutembenuza kuona kumene wapindikira, kenaka n'kudandaula.