Manja Kumbuyo

Mayi Shiraishi ndi amene anandiphunzitsa kuika manja kumbuyo. Nditangoyamba ntchito pa sukulu ya mkaka ya m'tauni yathu, ana awiri akangogwirana malaya ndinkathamanga ngati nyumba ikupsa. Iwo ankandikoka mkono. "Nakazato, ukuthamangira kuti? Wafa munthu? Ima pomwepo uwayang'ane." Kuno timatero. Ana akalimbana mphunzitsi amaima chapafupi, maso ali tcheru, koma salowerera pokhapokha pakakhala ngozi.

Patapita zaka anasiya kuphunzitsa n'kupita ku yunivesite kukachita kafukufuku. Za manambala analibe nazo ntchito. Ankangokhala pakona pa kampando ka ana, mawondo ali m'chibwano, kamera ili m'manja, kujambula mmene ana amasewerera ndi mmene amakanganirana. Kenako ankationetsa kanemayo n'kumatipanikiza ndi mafunso mpaka tiyi kuzizira m'makapu. Anali munthu wouma pakamwa, ndipo ndinkawakonda ndi kuwaopa nthawi imodzi.

Chaka chatha mdzukulu wawo Ritsu, wa zaka zinayi, analowa m'kalasi mwanga. Kunyumba ankalongolola bwinobwino, koma akangovula nsapato pakhomo la sukulu, pakamwa pankatsekeka. Miyezi inadutsa osatulutsa liwu ngakhale limodzi. Makolo ake anayamba kukamba zomuchotsa, ine n'kuwachonderera kuti adikire pang'ono.

Chiyembekezo changa chinali pa Kanna, kamtsikana kamakani kamene tsiku lililonse kankamulanda fosholo yofiira pamchenga. Ndinkaona Ritsu akufufuma masaya, milomo ikunjenjemera. Mawu anali atafika pakhosi. Komabe mtima sunkakhala m'malo. Nanga bwanji ngati ndinkangozunzitsa mwana wa eni ake?

Mayi Shiraishi atanena kuti adzajambula kalasi yanga asanapume pantchito, mantha anandigwira.

"Mdzukulu wanu ali momwemo, mayi. Mupirira?"

"Iwe, unayamba liti kundiphunzitsa kutafuna mpunga? Zimenezi ndakalamba nazo."

Tsikulo anakhala pakhonde, slipasi kuphazi. Kanna anabwera monga mwa nthawi zonse n'kugwira fosholo ija. Koma ulendo uno Ritsu sanaitaye. Anakokana. Kanna anamukankha, iye n'kugwa chagada, mchenga mbwee m'tsitsi. Anadzuka n'kuigwiranso. Ine ndinali nditaima pafupi, zikhadabo zikundilowa m'chikhatho. Kanna anaitsomphola n'kuikweza m'mwamba. Inali ya pulasitiki, yopepuka, ndipo ndinkamudziwa kuti amangoopseza. Ritsu anakoka mpweya wambiri n'kutsegula pakamwa.

"Kanna! Bweza msanga! Ukufuna kumupweteka mnzako?"

Anali Mayi Shiraishi. Anali atasiya kamera pampando n'kulumphira mumchenga ndi slipasi zomwe. Analanda fosholo ija n'kuiika m'manja mwa mdzukulu wawo. Kanna analira mokuwa. Ritsu anayang'ana agogo ake, n'kutseka pakamwa pang'onopang'ono, kenako anabisala kumbuyo kwa siketi yawo.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Koma nditawaona ataima mumchenga ndi slipasi zawo zija, mkwiyo unasanduka chisoni.

Ana atapita, tinakhala awiri m'chipinda cha aphunzitsi. Kamera inali itapitiriza kujambula, ndipo iwo sanali munthu wothawa kanema wake. Anaonera, anabweza m'mbuyo, n'kukweza mawu. Pakati pa phokoso la ana panamveka kamawu kakang'ono kosasa: "Ndi yang..." Pomwepo mawu a Mayi Shiraishi anakaphimba.

Anaimitsa kanemayo.

"Ndinaona ngati amutema nayo kumaso," anatero motsitsa. "Ana a anthu ena ndawaonerera moyo wanga wonse, Nakazato. Ndinkayesa kuti ndine wolimba mtima." Anavula magalasi. "Ayesanso, eti?"

"Sindikudziwa, mayi."

M'mawa mwake ndinaima pambali pa mchenga, manja kumbuyo. Kanna anatuluka, anamuyang'ana Ritsu, kenako anayang'ana pakhonde pamene panakhala agogo aja dzulo lake, n'kupita kukasewera pa katungwe. Sanamuyandikirenso sabata yonseyo. Ritsu ankakhala yekha pamchenga ndi fosholo yake yofiira, akukumba mwakachetechete, popanda womulanda ndiponso popanda munthu woti iye amuuze kanthu.